Kamuvi Kovina pa Tsiku la Ukwati

Panali bambo wina amene anali ndi galimoto yakale ya pikapu, yonyamulira mbatata kumsika. Tsiku lina galimotoyo inalandira ntchito yaulemu, yonyamula mwana wake wamkazi kupita naye kutchalitchi kukamanga ukwati. Anaitsuka mpaka mbee, naimangirira maluwa ndi nsalu zoyera. Mkwatibwi anakhala kutsogolo, pakati pa bambo ake ndi mlamu wa bambowo. Kumbuyo kunadzaza amayi oimba. Tchalitchicho chinali kuseri kwa phiri, ndipo mkwati anali atafika kale kumeneko.

Ananyamuka ndi nthungululu. Bamboyo mtima unali dyokodyoko. Pamudzi uliwonse ankaliza hutala, dzanja lili panja, kuti aliyense adziwe kuti lero wake akukwatiwa.

Atangowoloka mlatho, diso lake linagwera pa kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini. Kanalumphira pofiira. Asanaponde n'komwe buleki, kanagwera pansi ngati injini yazizira. Kenaka kanayamba kunjenjemera uku ndi uku, ngati nako kakuvina nyimbo za kumbuyo zija.

"Alamu, musataye nthawi ndi kameneko," anatero mlamu wake. "Kanthu konena pawiri n'kabodza. Kaphimbeni ndi mpango uwu, tizipita. Abusa sadikira munthu."

"Ababa, chonde tisachedwe," anatero mkwatibwi.

Bamboyo anayang'ana mwana wake, nayang'ana phiri limene linali patsogolo pawo. Anakhotera m'mbali mwa msewu, nazimitsa injini. Nyimbo zinati zii.

Anavula jekete, natsegula boneti. Sanamve fungo la kupsa, nthunzi panalibenso. Anadikira kuti injini izizire, anthu akung'ung'udza, kenaka anatsegula chitsekero cha rediyeta ndi kansanza. Madzi anali odzaza. Anagwiragwira mapaipi, onse anali osadontha.

"Ndiye kuti injini ilibe mlandu," anadziuza yekha. "Kamuvi sikadziwa kanthu pakokha. Kamangonena zimene kauzidwa. Akukanamiza ndani?"

Anatsata waya wa kamuviko ndi chala mpaka pa kachitsulo komangidwa painjini, kamene kamamva kutentha n'kutumiza uthenga kukamuvi. Pamenepo ndiye panali nkhani. Mutu wa wayayo unali utachita dzimbiri, ndipo unkagwedera. Galimoto ikagunda mwala, waya ankakhudza n'kuleka, kukhudza n'kuleka.

"Ndakupeza!" anafuula bamboyo, nalumpha ngati mnyamata. "Alamu, bwerani mudzaone wabodza wanu uja!"

Anapala dzimbirilo ndi mpeni mpaka chitsulo chinawala, napana mutu wa waya ndi pulayala kuti ugwire zolimba. Ataliza injini, kamuvi kanakwera pang'onopang'ono, n'kukaima pakati, nji! Amayi anayambanso nyimbo, mokweza kuposa poyamba, ndipo galimoto inaliyatsa liwiro.

Anafika pachitunda chachikulu, msewu wamiyala wokhotakhota. Injini inabangula, anthu akuilimbikitsa ndi m'manja. Ali pakati pa chitundacho, kamuvi kanayamba kukwera. Ulendo uno sikanalumphe. Kankangokwera mwakachetechete, osabwerera m'mbuyo.

"Kayambiranso misala yake," anatero mlamu uja. "Pondani moto, tatsala pang'ono!"

"Iyayi alamu. Poyamba paja kamabwebweta. Tsopano kakulankhula."

Anaimanso, naika miyala kumateyala. Atatsegula boneti, mpweya wotentha unamuwomba kumaso, madzi akumveka kubwadamuka m'kati. Mabampu a pachitunda anali atamasula nati ina, lamba wozunguza fani n'kukhwepa, akungoterereka. Akanapitirira pang'ono pokha, injini ikanapsa pomwepo, paphiri popanda nyumba, ndipo mkwatibwi akanayenda wapansi ndi diresi lake loyera.

Mlamu uja anangovula jekete lake nayenso, nagwira chitsulo chokungira lamba, bamboyo akumanga nati ndi sipanala. Injini itazizira anakwera onse, ndipo kamuvi kanakhala pakati mpaka pamwamba pa phiri.

Atatulukira kuseri, anaona tchalitchi ndi khamu la anthu likusuzumira kumsewu. Bamboyo analiza hutala osalekeza. Anthu anathamangira galimoto akuvina, mkwati akupukuta thukuta, kumwetulira mpaka m'makutu. Abusa anali asanachoke. Ndipo bamboyo anatsitsa mwana wake, namulowetsa m'tchalitchi ndi manja akuda bii ndi girizi, mutu uli m'mwamba.

Inu amene mukundimva, aliyense wa ife ali ndi kamuvi kake m'kati, ndicho chikumbumtima. Nthawi zina chimasokonekera. Chimakutsutsani pa zinthu zopanda pake, n'kukhala chete pa zazikulu, mpaka mumatopa nacho. Pamenepo sipasowa wokulangizani kuti muchitseke pakamwa. Musamumvere. Imani, ngakhale anthu akuti mwachedwa. Fufuzani pamene pagwedera, palani dzimbiri, mangani. Pakuti tsiku likubwera pamene chidzanena zoona, ndipo tsiku limenelo mudzakhala muli pachitunda, mutanyamula anthu amene mumawakonda.