Papsa Tong'ola: Thadzi la Nangondo

Ana inu mumakonda kunena kuti "tiona mawa," ngati mawa ndi mbale wanu amene adalonjeza kudzabwera ndi nkhope ya lero. Imvani za Nangondo, mayi amene ine ndimamuvulira chipewa ngakhale sindidamuonepo.

Nangondo adakwatiwa ndi Chikadza, mwamuna wa kuseri kwa phiri. Monga mwa mwambo, Chikadza ankakhala chikamwini, kwawo kwa mkazi. Munda umene adapatsidwa udali kachigamba ka pamiyala, ndipo chaka chilichonse nkhokwe yawo inkatha mvula isanagwe, ana nkumagona ndi njala. Kwawo kwa Chikadza kudali dambo lachonde longogonera. Koma kuti mwamuna atenge mkazi chitengwa, kupita naye kwawo, pankafunika chilolezo cha mwinimbumba. Mwinimbumbayo adali a Mkanthama, malume ake a Nangondo.

A Mkanthama sadali munthu woipa ayi. Vuto lawo lidali mtima: m'mawa akugawira fodya, masana osakuyankha moni. Chikadza akapempha chitengwa, yankho lidali lomwelo: "Mkamwini, mukuthamangira chiyani? Kodi kuno takumenyani?" Msakambewa, amene adakwatira mng'ono wake wa Nangondo, nayenso ankapempha nkubwerako chimanjamanja.

Tsiku lina, nthawi ya mondokwa, ng'ombe yamphongo ya a Mkanthama idatitimira m'matope kudambo. Akamwini awiriwo adalowa m'thope mpaka m'chiuno, nkuimanga zingwe, nkuikoka mpaka idatuluka. A Mkanthama adasangalala ngati mwana, ndipo adakuwa pamaso pa khamu lonse limene lidabwera kudzaonerera.

"Anthu inu mukumva! Akamwini angawa ndi amuna enieni. Aliyense atenge mkazi wake chitengwa, ndalola. Angobweretsa nkhuku yamwambo, basi."

M'mudzi umenewo, mwinimbumba akalandira nkhukuyo nkuidya pamodzi ndi ankhoswe, mawu ake sankabwezedwanso.

Masana omwewo Chikadza adapeza mkazi wake kumunda akupirikitsa anyani. Adathyola mondokwa, nkuyamba kuwotcha pamoto wa pamsasa, uku akufotokoza nkhani yabwinoyo.

"Zatheka, amake a Mwatitha! Tsopano tichite mwadongosolo. Tidikire chimanga chiume, tikolole, ine ndikamange nyumba kwathu. Nkhuku tidzapereka tikakonzeka. A Msakambewa nawonso atero."

Nangondo adatambasula dzanja, nkutenga chimanga pamoto, nkutong'ola mbali imene idali itapsa, nkuchibwezera.

"Aa, dikirani chipse chonse," adatero Chikadza akuseka. "Njala yanji imeneyo?"

Akulankhula choncho, mphepo idatembenuka, moto udagwira mapesi ouma amene adali pambali, nkulilima. Pamene Chikadza amati alanditse chimanga chake, chidali chitasanduka khala. Chimene chidapulumuka ndi timaso tija tidali m'manja mwa Nangondo.

"Bambo a Mwatitha," adatero mayiyo, "motowu mwaukoleza nokha, koma mtima wake mumaudziwa? Amalume ndawadziwa chibadwire. Lero apsa mbali imodzi. Titong'ole pomwepo."

"Nanga mundawu? Thukuta lathu lonseli?"

"Tiwasiyira amayi."

"Nanga tikagona pati? Kwathu ndilibe ngakhale mzati."

"M'chisakasa. Mvula ingatinyowetse chaka chino chokha, koma miyala iyi idzatidya moyo wonse."

Chikadza adakanda m'mutu. Adali munthu wakhama, koma wa aja ofuna kuwoloka mtsinje madzi ataphweratu. Pamene ankacheuka, mkazi wake adali atalowa kale njira yakumudzi. Nkhuku adali nayo imodzi yokha, thadzi lake loikira mazira. Adaligwira, nkulimanga miyendo, nkulipereka m'manja mwa mwamuna wake amene ankabwera pambuyo ali wefuwefu. Adakaitananso ankhoswe. Dzuwa lisadapendeke, onse adali atagwada pakhomo pa a Mkanthama.

"Iwe Nangondo," adaseka a Mkanthama, "kodi mitolo udamangiratu kale? Thope silinaume m'miyendo mwa mwamuna wako!"

"Mawu anu atikomera, amalume. Taopa kuti angagone panja."

Mkuluyo adaseka mpaka misozi, nkulamula kuti thadzilo liphedwe. Adalidya ndi ankhoswe tsiku lomwelo.

M'mawa mwake banjalo lidanyamuka, mphasa pamutu, miphika m'dengu, ana patsogolo. Podutsa pamunda paja, Nangondo adaima nkuyang'ana chimanga chimene adachipalira ndi manja ake, ndipo adalira. Musaganize kuti kulimba mtima ndiko kusamva kuwawa. Adalira ndithu, koma mapazi ake sadabwerere. Anthu m'njira ankanong'onezana kuti mayiyu wazungulira mutu, wosiya chakudya m'munda nkumakagona m'chisakasa.

Chimanga chisadaume, ng'ombe ija idafa. Mwina idavulala mkati pokokedwa, mwina idali nthawi yake, palibe adadziwa. Koma a Mkanthama adapeza pogwetsera mkwiyo wawo. Pamene Msakambewa adabwera ndi tambala wake wonenepa, atakolola bwinobwino, nyumba atamanga kale kwawo, adapeza moto utatembenuka.

"Mudandiphera ng'ombe ndi zingwe zanu, lero mukufuna munditengerenso mwana? Bwererani naye tambala wanuyo! Ndipo wina akandiitanire Nangondo, abwerere kuno."

Nkhoswe wina wachikulire adayankha modekha: "Pepani a Mkanthama. Za a Msakambewa zili m'manja mwanu. Koma thadzi la Nangondo tidadya tonse, inu mudatenga chiganga. Kodi tilisanze?"

A Mkanthama adagonja, nkuleka zoitanitsa Nangondo.

Nangondo adavutika chaka choyamba, osabisa. Koma dambo lija lidamubwezera misozi yake, ndipo ana ake sadagonenso ndi njala. Msakambewa adakalambira pamiyala paja, ndipo nyumba imene adamanga kwawo idadyedwa ndi chiswe osagonamo munthu. Achinyamata akamufunsa nzeru, ankangoti: "Mlamu wanga adanena kumunda kuja. Papsa tong'ola."

Ndimo mudachokera mwambi uja wakuti, "Papsa tong'ola, sudziwa mtima wa moto." Tanthauzo lake ndi lakuti pa moyo pamafika kanthawi kamene khomo lotsekeka limatseguka, ndipo zimene uchite pamenepo zimasintha zonse zakutsogolo. Kanthawi kotere sikadikira kuti ukonzeke, ndipo kawirikawiri kamafuna kuti usiye china chake chimene umachikonda. Mwambiwu sukuphunzitsa phuma, pajatu Nangondo sadatong'ole chosapsa: adadikira zaka zambiri osathawa, mpaka chilolezo chidatuluka pakamwa pa mwini wake. Koma chitangotuluka, sadafunse kuti mawa kudzacha bwanji. Adagwira thadzi.