Mapulogalamu Atatu, Malo Amodzi

Kalekale, osati kale la makolo ayi, kale la dzana lomweli pamene intaneti inkayenda ngati yathyoka mwendo, ku Zomba kunali kagulu ka anthu osatha kukhala pansi. Anthuwa ankatola makompyuta akale amene maofesi ataya, kuwapukuta fumbi, n'kuwatumiza kusukulu zakumudzi. Kuti makompyutawo azidzuka, anawapangira pulogalamu yaikulu, ija imabereka mapulogalamu ena onse kumsana, n'kuitcha Nsanamira. Inali yaulere, ndipo aliyense wodziwa ankaloledwa kuitsegula m'mimba, kuona mmene anailukira, n'kukonza pamene sipanamusangalatse.

Gululi linali ndi lamulo losapindika: ntchito imodzi, pulogalamu imodzi. Poyamba ankalongezamo zonse, koma makompyuta okalambawo ankangobuula n'kuuma gwa, aphunzitsi n'kuwafunditsa chitenje osawayatsanso. Kumudzi kunalibenso intaneti yoti munthu atengerepo ina. Ndipo tisanamizane apa, ndani wa inu anasinthapo pulogalamu imene anaipeza kale m'foni mwake? Chimene mwapezamo ndi chomwecho mpaka foniyo kufa. Choncho woika pulogalamu mu Nsanamira ankasankhira sukulu zonse, afune asafune.

Chaka chimenecho udindo wosankha unagwera mtsikana wina dzina lake Ndaziona. Yojambulira ndi yowerengera masamu anasankha osatuluka thukuta. Pa yolembera m'pamene anasowa mtendere, pakuti opikisana anali atatu, ndipo nkhaniyo inakhudza malume ake, a Chimkwita, amene anamulera mayi ake atamwalira.

A Chimkwita anali mphunzitsi kusukulu ina kuseri kwa mapiri, ndipo maso awo anali atayamba kuchita mdima. Akuluakulu anawauza mosapsatira mawu kuti akalephera kukonza okha mafunso a mayeso teremu iliyonse, awapumitsa ntchito. Ndaziona atamva zimenezi sanachedwe. Anaika mapulogalamu atatuwo pa mafulashi atatu, anakwera minibasi, kenako kabaza, n'kukafika kusukuluko kuti akawayesere pa kompyuta ya malume akewo.

Anapeza kuti ofesi ya maphunziro yatumiza fayilo ya malangizo a mayeso. Mapulogalamu awiri ataitsegula, zilembo zinangoti mbwee ngati nyerere zosokonezedwa. Yachitatu, imene anzake ankaitcha Mlendo chifukwa inapangidwa kutsidya kwa nyanja, inaitsegula bwinobwino, mzere uliwonse pamalo pake. Woibweretsa m'gulu anali Zuze, mnyamata wokonda kunena kuti dziko lonse silingalakwe. Koma Mlendo ankangodziwa Chingerezi, anali duu osalankhula, ndipo eni ake mukawadandaulira ankayankha chaka chamawa.

Malume anayandikiza nkhope pagalasi mpaka mphuno kugunda, osaona kanthu. Ndaziona anasamutsira malangizowo mu pulogalamu ina, yotchedwa Mlankhuli, imene anailuka Mwatitha, mayi amene mwana wake anabadwa wosaona. Mlankhuli anayamba kuwerenga mokweza m'Chichewa, ndipo chilichonse chimene malume ankalemba ankawabwerezera m'khutu. A Chimkwita anaseka koyamba chiyambire teremu, zala zikuthamanga. Komatu Mlankhuli anali wolemera. Kompyuta inatentha ngati mbaula, inkaima kupuma pa ndime iliyonse.

Atatsala pang'ono kumaliza, kunja kunachita mdima wa mvula, mphezi inang'anima, magetsi thi. Atabwerera, Mlankhuli anakana fayiloyo, akuti yawonongeka. Malume anagwira mutu. Ndaziona analowetsa fulashi yotsala, ya kapulogalamu kopepuka kotchedwa Nthenga. Kameneka kanatolera zidutswa zonse, funso ndi funso, osasiyako ngakhale limodzi. Anakapanga a Kalikokha, mdala wokonza mawailesi amene anayambitsa gululo, ndipo ankadziwa bwino khalidwe la magetsi akwathu kuno. Vuto linali lakuti Nthenga sinkalankhula, mafayilo a kuofesi sinkawamva, ndipo m'mimba mwake ankadziwamo a Kalikokha okha.

Mafunso anapita nthawi yake, ntchito ya malume inapulumuka teremu imeneyo. Pomuperekeza kukakwera kabaza, a Chimkwita anamugwira dzanja.

"Ndaziona mwananga, zosinthasintha timitengo takoti ine sindingazithe. Iwenso sungamabwere kuno teremu iliyonse. Undisiyire chimodzi choti ndikangodina chizitseguka."

"Ndamva, malume."

"Wamva, koma chiti?"

Ndaziona anangoyang'ana kumapiri. Njira yonse yobwerera anali kutembenuza nkhaniyo uku ndi uku, ndipo mantha anamugwira zedi, chifukwa paliponse pamene ankaponda ankaona malume ake akulongedza mabuku kubwerera kumudzi.

Tsiku la msonkhano wa gulu, Ndaziona atafotokoza zonse zimene zinachitika, aliyense anamva mbali yomukomera yokha, monga mudziwa mmene anthu timachitira.

Zuze ndiye anayamba, ali chiimire. "Achemwali, popanda Mlendo malume anu akanayambira pati? Fayilo ikakana kutseguka, nkhani yathera pomwepo. Ndipo sukulu zonse zimalandira mafayilo amenewa, si malume anu okha."

"Kutsegula chitseko munthu osaona zam'kati n'kwachabe," anatero Mwatitha. "Sitinayambe gululi kuti tithandize amaso okha. Kulemerako ndidzakonza, ingondipatsani nthawi."

A Kalikokha anakhosomola kaye. "Nthawi yake iti, mayi? Mwakhala mukunena zimenezi chibwerereni. Ana inu mumayesera zinthu zanu m'tauni muno. Kumudzi magetsi amabwera ngati mlendo wodutsa. Pulogalamu yotaya ntchito ya munthu, ngakhale iimbe nyimbo, ine sindiiwerengera."

"Nanga inu bambo mukadzadwala, Nthenga adzaikonza ndani?" anafunsa Zuze.

Mdalayo anangotembenuzira mpando kukhoma.

Wina kumbuyo anati bwanji kuphatikiza mapulogalamu atatuwo ikhale imodzi. Onse anaseka kuseka kowawa, pakuti ntchito imeneyo ikanadya zaka, pamene makompyuta anali atapakidwa kale m'makatoni, galimoto ikudikira kuti iwafikitse sukulu zisanatsegulidwe. Wina anati angoikira malume okha mapulogalamu onse atatu. Ndaziona anapukusa mutu. Iye anali ataona ndi maso ake kompyuta ija ikulephera kunyamula imodzi yokha, ndiponso ndani akanawasinthira mafulashi munthu wosaona?

Anatuluka panja, anazungulira nyumba, analowanso, anakhala, anaimirira. Akasankha Mlendo, malume adzakhala kutsogolo kwa galasi losalankhula. Akasankha Mlankhuli, adzamva zolemba zawo, koma za kuofesi sizidzatseguka, ndipo mvula ikangogunda zonse zidzapita. Akasankha Nthenga, palibe chidzatayike, koma choti chisungidwecho adzachilemba bwanji? Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo Ndaziona ankadziwa kuti akazengereza, galimoto inyamuka ndi makompyuta opanda cholembera chilichonse.

Woyendetsa galimoto anaimba hutala. Foni ya Ndaziona nayo inalira, ataiyang'ana anaona kuti ndi malume. Anthu atatu aja maso onse anali pa iye.

Ine nkhani yanga ndaitula pamenepa, chifukwa nanenso yandizunguza mutu mokwanira. Iliyonse mwa mapulogalamu atatuwa inapulumutsa ntchito ya a Chimkwita tsiku lija, ndipo iliyonse payokha ikanaitayitsa. Tsono inu amene mwakhala phee kumvetsera, tandiuzani: malo ndi amodzi, foni ikulira, Ndaziona aike pulogalamu iti mu Nsanamira, ndipo malume akewo awayankhe kuti chiyani?