Nthambi za Gwedeza Pagulaye

Panali mkulu wina, dzina lake Gwedeza, katswiri woyendetsa galimoto pampikisano. Chaka chilichonse mvula ikatha, eni magalimoto ankasonkhana patsinde pa phiri lina kuti apikisane kukwera. Msewu wake unali wopapatiza, mbali ino thanthwe, mbali inayo phompho. Sankanyamuka pamodzi ayi. Ankanyamuka mmodzimmodzi, ndipo wofika pamwamba m'nthawi yochepa ndiye ankatenga chikho.

Malamulo analipo ndithu. Chipewa cholimba kumutu, lamba pachifuwa, mowa usanunkhe. Koma lalikulu linali ili: galimoto ikakufera pamsewu, thamangira kumbuyo, uthyole nthambi zamasamba uyale pamsewu monga amachitira a malole, kuti wobwera m'mbuyo achepetse liwiro. Ndipo ukayala nthambi, basi, watuluka mumpikisano.

Tsono Gwedeza anali ndi mdani, Matewere. Chidani chake sichinali cha magalimoto. Matewereyu ndi amene anakwatira Nasibeko, mkazi yemwe Gwedeza anali atamugulira kale diresi la ukwati. Ena amati Nasibeko anachoka yekha, ena amati inamukopa ndi galimoto yofiira ya Matewere. Zoona zake akudziwa ankhoswe. Chomwe aliyense ankaona n'chakuti awiriwa akakumana pomwetsera mafuta, wina ankayang'ana kumwamba, wina pansi.

Tsiku la mpikisano maere anagwa moti Gwedeza anyamuke, Matewere atsatire.

Gwedeza anakwera phirilo ngati wathamangitsidwa ndi njuchi. Chikho ankachiona kale chili pakabati. Koma atangodutsa pagulaye, pamene msewu umakhota mobisika, injini inatsokomola n'kuzima. Galimoto inaima chopingasa, pamalo poti wochokera kumunsi sangaione mpaka ataigunda. Anatsegula boneti. Kavuto kake kochepa zedi: waya wa batire anali atamasuka. Kungomanga ndi sipanala, ulendo ukanapitirira.

Pomwepo anamva injini ikulira kumunsi. Anaizindikira. Yofiira ija.

Mtima unayamba kumuuza zambiri. Unati manga wayayo, mwina uchokapo asanafike. Unati akagunda n'kugwera kuphompho, kodi ndiwe unamutuma kuthamanga? Unanenanso zina zokhudza Nasibeko, zimene sitingatchule pano poti pali ana.

Gwedeza anaponya sipanala pansi. Anathamanga chotsetsereka, chipewa chili kumutu, mimba patsogolo. Anathyola nthambi za msuku n'kumaziyala pamsewu, manja akuchekeka. Yomaliza anaigwira m'manja, akuikupiza m'mwamba.

Matewere anaona masamba, anaponda buleki. Matayala analira, fumbi kobo. Galimoto inakwekwereka kukhota pagulaye paja n'kuima mphuno yake itatsala pang'ono kupsompsona chitseko cha ya Gwedeza. Matewere anatsika, anasuzumira kuphompho, anakhala pansi.

"Achimwene," anatero Matewere, "mukanangondisiya, bwenzi mawa mukukapepesa maliro kwa Nasibeko mutavala suti."

"Ine sindipikisana ndi mtembo," anayankha Gwedeza akupuma wefuwefu. "Dzuka tikankhire galimotoyi kumbali. Chaka chamawa ubwere wamoyo, ndidzakuchititse manyazi mkazi wako akuona."

Anakankha limodzi, kenako Gwedeza anamanga waya uja. Chikho chinapita kwa munthu wina amene sanachiyembekezere n'komwe. Awiriwo anafika pamwamba omalizira, akunyozana n'kumaseka, ndipo amayi ogulitsa zitumbuwa kumeneko anaiwala kubweza chenje poyang'ana zodabwitsazo.

Inu amene mukumva, lamulo lapamsewu silinaikidwe kuti liteteze okhawo amene mumadya nawo mbale imodzi. Limayesedwa tsiku limene wobwera m'mbuyo mwanu ndi uja anakulandani. Chikho chimabweranso chaka chamawa, koma wogwera kuphompho sabwerako. Mukamva injini ya mdani wanu ikulira kumunsi, siyani sipanala, kathyoleni nthambi.