Chule Amene Ankadikira Moni

Chule, Nkhunda ndi Khoswe ankakhala pamsika umodzi wa m'tawuni, koma sankayankhulana. Nkhunda anali ndi chisa pansi pa denga la malata, Khoswe anali ndi una kuseri kwa matumba a chimanga, pomwe Chule ankabisala pansi pa mpopi umene amayi ogulitsa ndiwo ankatsukirapo masamba. Ankaonana tsiku ndi tsiku, aliyense n'kumati mumtima, "Koma ameneyu ndiye wonyada."

Chule sanabadwire kumeneko. Kwawo kunali kudambo kumene madimba sauma ngakhale m'chilimwe. Tsiku lina anagona tulo tamasana pakati pa masamba a kabichi, ndipo podzuka anapezeka ali m'thumba pamwamba pa lole. Thumbalo litamasulidwa pamsika, analumpha n'kukabisala pansi pa mpopi uja.

Kudambo kuja kunali mwambo wake. Mlendo akafika ankakhala pansi phee, ndipo eni mudzi ndiwo ankabwera kudzamulonjera. Mlendo woyamba yekha kupereka moni ankamunena kuti sanaleredwe bwino. Choncho Chule anakhala mwaulemu, manja pamodzi, kudikira eni msika. Anadikira mpaka mitengo ya jakaranda inachita maluwa n'kuyoyoka, koma palibe amene anabwera.

Masana dzuwa likakula, malata ankanyezimira ngati madzi, ndipo Chule ankatsinzina pang'ono n'kuona kwawo. Ankaona nkhungu ya m'mawa ikuyenda pamwamba pa mabango, akakowa oyera atayima m'matope, ndi amayi ake akuyimba pakati pa udzu wonyowa. Kuyitanira kwa anyamata a minibasi kunkasanduka nyimbo ya achule anzake. Akatsegula maso ankangopeza makoko a nthochi ndi mapazi a anthu.

Kenaka mpopi uja unasiya kudontha. Matope a pansi pake anauma n'kung'ambika, ndipo khungu la Chule linayamba kukhakhala ngati tsamba la fodya. Choopsa kwambiri chinali chakuti m'mimba mwake munali mazira, ndipo mazira a chule akapanda madzi safika patali.

Tsiku lina masana anaona dziwe likunyezimira pafupi ndi matumba a chimanga. Analumpha ndi mphamvu zake zonse n'kugweramo, koma silinali dziwe. Linali lata lakale lotentha ndi dzuwa, ndipo linamuwotcha mapazi. Anadzikoka mpaka pamthunzi, pafupi ndi una wa Khoswe, n'kugona pamenepo akupuma mwabefu.

Chapafupi, Nkhunda ankatola misere ya chimanga. Chule anamuyang'anitsitsa ndipo anaona kuti nthenga za pachifuwa pake zinali zonyowa. Mbalameyo inali itangosamba kwinakwake. Chule anatsegula pakamwa, koma anamva mawu a amayi ake m'mutu akuti, "Mwana wanga, mlendo sayamba." Anatseka pakamwa. Kenaka anamva kulemera kwa mazira aja, n'kumeza manyazi.

"Mwaswera bwanji, amayi?" anatero ndi mawu osasa.

Nkhunda anagwetsa msere umene unali kukamwa. "Ine? Mukulonjera ine? Ndaswera bwino, kaya inu. Ha! Ndimayesa eni malo ano simuyankhula ndi alendo."

"Eni malo ake ati?" anafunsa Chule. "Ine ndinabwera m'kabichi kuchokera kudambo."

"Mayo ine!" anatero Nkhunda. "Ine ndinabwera m'dengu kuchokera kumapiri, ndipo ndinathawa wogulitsa atayiwala kumanga chivundikiro. Nthawi yonseyi ndimadikira moni wanu, chifukwa kwathu mlendo sayamba."

Mu una munamveka chiseko, ndipo Khoswe anatulutsa mutu, ndevu zili mbuu ndi gaga. "Nanga ine si wa m'thumba la chimanga? Ndimati mayi wonenepa wa pampopiyu ndiye mfumu ya pano. Mmene amakhalira muja, manja pamodzi, osaphethira, ndimaopa ndi kutsokomola komwe!"

"Kunenepaku ndi mazira, achimwene," anayankha Chule. "Ndikapanda kupeza madzi lero, ine ndi ana angawa tithera pano."

Chiseko chinatha pomwepo. Nkhunda anati kuseri kwa chigayo, tsidya lina la msewu, kunali paipi yosweka imene inapanga chithaphwi. "Koma ine ndimapita chouluka, asisi. Inu pamsewu paja minibasi zikupondani."

"Msewu ndi wa anthu," anatero Khoswe. "Pansi pake pali ngalande, ndimadutsamo tsiku lililonse. Kungoti sindimadziwa kuti tsidya linalo kuli madzi. Bwerani, amfumu, ndikuperekezeni."

Ananyamuka atatu. Nkhunda ankauluka pang'ono n'kutera, kuwasonyeza kolowera. Khoswe ankatsogola m'ngalande, akuseka mmene Chule ankalumphira. "Mukamati mwalumpha ndiye pamenepa? Kudambo kwanuko mumafika liti kumaliro?" Chule anafuna kukwiya, koma anapezeka akuseka, koyamba chibwerere.

Chithaphwicho sichinali ngati dambo la kwawo. Madzi ake ankanunkha dzimbiri, panalibe mabango, ndipo chigayo chinkalira tsiku lonse. Koma anali madzi ozizira, ndipo m'mphepete mwake munamera udzu wobiriwira. Chule analowamo pang'onopang'ono mpaka m'khosi, n'kutsinzina. M'mawa mwake anayikira mazira ake onse pakati pa udzuwo.

Tiana take titabadwa, chithaphwi chinadzaza timichira tosewera. Nkhunda ankabwera kudzasamba n'kumatiwerenga molakwitsa, ndipo Khoswe ankadzitcha malume awo. Chule sanasiye kulota za kwawo. Koma tsopano akatsinzina masana n'kuona nkhungu ija pamwamba pa mabango, ankaonanso nkhunda itatera pabango limodzi, ndi khoswe wa ndevu za gaga akufunsa njira kwa amayi a Chule.

Mvula itayandikira, lole ina inatsitsa matumba a mpiru pafupi ndi chigayo. M'thumba lina munatuluka Nkhono, amene anayang'ana uku ndi uku n'kukhala phee pansi pa njerwa, nyanga zili chilili, kudikira eni malo. Chule anamuona ndipo anawazindikira makhalidwe amenewo. Sanadikire kuti dzuwa lipendeke.

"Takulandirani, agogo," anatero atafika pafupi. "Mwayenda bwanji? Ifenso pano ndife obwera. Madzi ali uku."

Phunziro: Mwambo wa kwanu ndi wabwino, koma ukaugwira osayang'ana kumene uli, ungakuphetse ludzu madzi ali pafupi. Kutali ndi kwanu ambiri ndi alendo ngati iwe, ndipo woyamba kupereka moni ndiye amayambitsa mudzi.