Nyamalikiti Wosayang'ana Pansi

Kalekale, madala amene akusinza apawa akadali ndi mano onse, nyama zinali ndi makoleji awo. Ee, musandiyang'ane choncho, zinali nawo! Vomerani kuti tili tonse, apo ayi ndikukagona.

Ku Koleji ya Kumsanga kunali timu ya basiketibo. Amene simuudziwa, ndi mpira uja amadunditsa pansi, du du du, kenako n'kuuponya m'dengu lomangirira pamwamba pa mtengo. Kaputeni wa timuyi anali Changa, kanyama ka maso akuluakulu, kochepa ngati chibakera, koma kakati kadumphe munkachita kukafunafuna m'mwamba. Changa ankalikonda bwalo lija koopsa, chifukwa ndi malo okhawo amene panalibe womuseka kuchepa.

M'timu momwemo munalinso Nyamalikiti. Kutalika kwake, abale inu! Dengu lija linkamulekeza m'chibwano. Iye sankaponya mpira ayi, ankangouika.

Tsono pakolejipo panali mwambo. Aliyense wogoletsa ankalandira suku limodzi lakupsa nthawi yomweyo kuchokera kwa kochi wawo, a Njiri. Mwambowu unali wabwino, woti osewera azilimbikira. Koma unakumana ndi wadyera. Nyamalikiti akagwira mpira, wagwira. Gwape akuwe, "Kuno!" Nyenga akuwe, "Kuno!" Gologolo akuwe mpaka mawu kusasa. Iye zii. Chibadwire sanayang'anepo pansi. Akangoika mpira m'dengu, asanaone n'komwe kumene wathera, watembenuka kale, ulendo kukalandira suku lake.

Ligi isanayambe ankasewera ndi matimu akutali osamudziwa, ndipo zinkayenda. Koma ligi ya makoleji a m'chigawo itayamba, aa, zinavuta. Awa anali anansi, ankamudziwa Nyamalikiti mpaka kutsokomola kwake. Ankangomuunjirira onse, wina pabondo, wina kumchira, wina kumuponda ziboda. Akalimbalimba n'kugoletsa, vuto lina linkayamba. Suku kuti lichoke pakamwa pa Nyamalikiti lifike m'mimba, unali ulendo. Ankaima chilili pakati pa bwalo, maso atatsinzina, kulimvetsera likutsika. Pamene likufika pachifuwa, adani agoletsa kale.

Anapita ku Koleji ya Kudambo, anakwapulidwa. Anapita ku Koleji ya Kuchulu, anakwapulidwa. Anasewera pakwawo, anakwapulidwa pamaso pa azakhali awo. A Njiri anagwada n'kupemphera, anagwada n'kupemphera, mpaka lero maondo a njiri ndi okakala.

Tsiku lina mphunzitsi wamkulu, a Nungu, anafika pabwalo atanyamula mtolo wa mitengo ya chinangwa. Anauponya pansi, phi!

"Mwandichititsa manyazi mokwanira," anatero a Nungu, minga ili njenjenje. "Loweruka kukubwera Anyani a ku Koleji ya Kuphiri. Mukagonjanso, bwalo ili ndilimitsa, ndidzalapo chinangwa. Ndipo olima mukhala inu nomwe."

Polankhulapo anali akumeza malovu, poti nungu ndi chinangwa mukudziwa mmene zilili.

Changa mtima unamuwawa kwambiri. Anapita kwa Nyamalikiti, anakwera mwendo, anakwera msana, anakwera khosi, mpaka anafika pakhutu ali wefuwefu.

"Achimwene, chonde, Loweruka muzipatsirako mpira."

"Akulankhula ndani?"

"Ndine Changa, kaputeni wanu."

"Kodi tili ndi kaputeni?"

Changa anaugwira mtima. "Achimwene, bwalo likupita. Adzalapo chinangwa."

"Adzale," anatero Nyamalikiti. "Masamba a chinangwa ndimawakonda. Iwe kamwana, mpira ndikakupatsa, suku udya ndiwe. Ukundiona ngati chitsiru? Tsika, ukundiyabwa."

Anagwedeza khutu, Changa pansi, khu!

Anadzikoka mpaka patsinde pa mtengo wa dengu, n'kugona chagada, misozi ili lengelenge. Atayang'ana m'mwamba anaona mitambo ikudutsa m'kati mwa dengu. Nanga si dengu la mpira umenewu ndi lobooka kunsi, kuti mpira uzigwa wokha? Aliyense pakolejipo ankadziwa zimenezi. Aliyense, kupatula mmodzi, uja amatembenuka asanaone kumene mpira wathera. Changa anadzuka, anapukuta misozi, n'kuyamba kuseka yekha, kikiki.

M'mawa mwake anakweranso khosi lija.

"Achimwene, ndabwera kudzapepesa. Masuku onse ndi oyenera inu, ife tatopa n'kulimbana nanu. Tagwirizana chonchi. Mukagoletsa nokha, suku lanu ndi limodzi monga mwa masiku onse. Koma mukatipatsa mpira, ife n'kugoletsa, suku lathulo ndi lanu, ndipo tiwonjezerapo lina lotola tokha kuthengo. Awiri."

Makutu a Nyamalikiti anaima njo. "Awiri?"

"Awiri. Kungoti tiziwasunga m'thumba mpaka mpira uthe, kuti mudzadye bwino mtima uli m'malo."

"Ndakugwira! Mukufuna mpira ukatha mudzandibere."

"Aa, zoona," anatero Changa, akukanda kumutu. "Anzangawa manja awo ndi oyabwa, makamaka Gologolo. Pakanakhala malo ena ake okwera, amene ife afupiafupi sitingafike..."

Nyamalikiti anaganiza, anaganiza, kenako anaseka. "Nzeru mulibe ana inu. M'dengu! Mpira ukatha muwakhuthulire onse m'dengu muja. Amene ali m'dengu ndi anga, amene ali pansi ndi anu."

"Eee, achimwene, mutu wanu si wautali chabe! Tabwerezani a Kochi amve."

Anabwereza mokweza, a Njiri n'kukhala mboni.

"Nanga ndizikuonani bwanji poti ndinu osaoneka?"

"Musavutike n'kuwerama. Muzingoponya kumene mwamva mawu."

Loweruka linafika. A Nungu anakhala kutsogolo, khasu pambali, mtolo uja atatsamira. Wezulo inalira, pyee! Anyani onse asanu anachita zomwe anansi onse ankachita, anamukakamira Nyamalikiti ngati nkhupakupa. Gwape anakuwa, "Kuno!" Mpira uwo, Gwape yekhayekha, ponyu, m'dengu! Nyenga anakuwa, "Kuno!" Mpira uwo, m'dengu! Gwape anachita kuyang'ana ziboda zake, poti chiyambire ligi anali asanaukhudzepo mpira. Ndipo popeza panalibe suku loti alimvetsere likutsika, Nyamalikiti ankabwerera kumbuyo n'kumatchinga, khosi lili uku ndi uku.

Koma anyani si ogona. Atapuma anabwera atazindikira. Anamusiya Nyamalikiti, aliyense n'kugwira wake, ndipo zigoli zinayamba kulondolana. Awa agoletsa, awa abweza. Awa agoletsa, awa abweza. Woyimbira atayamba kuyang'ana dzuwa kuti athetse mpira, zigoli zinali zofanana. A Nungu analavulira m'manja n'kugwira mpini.

Pamenepo mpira unagwera kwa Nyamalikiti. Anali yekha, dengu lili pachibwano, popanda nyani ngakhale mmodzi pafupi. Bwalo lonse linaimirira.

"Ikani! Ikani!"

A Njiri anali atagwada kale. Changa anakuwa, "Achimwene, ikani nokha!"

Koma wadyera anali akuwerengera. Ndikaika ndekha, limodzi. Ndikapatsira, awiri. Anamva mawu a Changa, n'kuponya mpira komweko!

Mayo ine! Changa anali kutali, chinyani chachikulu chitamuphimba. Msampha wake womwe unafuna kumukola. Panalibe nthawi yoganiza. Anadumphira pamchira wa nyani, jo! Paphewa, jo! Pamutu, jo! Anauwakha mpira m'malere, n'kuukankha ndi mphamvu zonse za kathupi kake. Mpira unazungulira pamlomo pa dengu, zunguli, zunguli, kenako lowu. Pyee!

Fumbi linaphimba dzuwa. A Nungu ananyamula mtolo wawo akung'ung'udza, n'kumapita.

"Masuku anga!" anakuwa Nyamalikiti.

Changa anakwera mtengo ndi thumba, n'kukhuthulira masuku onse m'dengu, khuthu! Nyamalikiti anatsinzina, monga ankachitira chakudya chikamuyandikira, n'kulowetsa mlomo. Ananyambita uku, ananyambita uku. Lilime linatulukira kunsi, lende, likupitidwa mphepo.

"Ali kuti?"

"Tathira m'dengu monga munanenera," anatero Changa. "Amene ali m'dengu ndi anu. A Kochi, tanama?"

"Mmm," anavomera a Njiri, masaya ali tutuu.

Ndipo kuchokera pansi Nyamalikiti anamva nyomi nyomi, nyomi nyomi, njere zikulavulidwa. Fungo la masuku linakwera n'kumupeza. Anayesa kuwerama, khosi losazolowera linakana. Anatang'adza mwendo uwu, anatang'adza mwendo uwo, mpaka mutu unafika pansi. Koyamba chibadwire anaona nkhope za anzake, zonse zili noninoni.

"Dengu ili labooka liti?"

"Chiyambire mpira, achimwene."

Anawayang'ana mmodzimmodzi. "Kodi mulipo anayi?"

Anzakewo anaseka mpaka Gologolo anatsamwa. Manyazi anamugwira Nyamalikiti, makutu anagwa. Changa anamumvera chisoni, n'kutulutsa masuku awiri amene anabisa kukhwapa.

"Awa ndi a mpira womaliza uja, munawagwirira ntchito, ngakhale munatsala pang'ono kundipha. Koma kuyambira lero masuku a timu ino azidyedwa mpira ukatha, pansi pano, tonse pamodzi. Mukawafuna muziwerama."

Ndiye mukadzaona nyamalikiti atatang'adza miyendo, mutu uli pansi, musadzati akungomwa madzi. Akuwerenga anzake, kuopa kuti angamudyerenso masuku. Iwe Chikaiko, ndakuona dzulo pabwalo, mpira uli kukhwapa ngati nkhuku yakuba, anzako akukuwa. Uziyang'anako pansi, mwana iwe, dengu lako lingakhale lobooka.

Nthano yanga yagwera pomwepo. Chinangwa cha a Nungu sichinadzalidwe, ndiye kaphuleni mbatata, ikupserera.