Tsiku Limene Nangozo Anatitimira M'ngalande

Nkhaniyi ndinaimva kwa mayi Nazimbiri, Mulungu awasunge, tikuyembekezera mapemphero pakhonde la tchalitchi. Ndikuifotokoza monga momwe iwo anandiuzira.

Kale, m'mudzi wina wa m'dambo la mpunga, amayi a mpingo anali ndi ulendo wawo wa Lachinayi. Ankanyamuka pa tchalitchi n'kutsata ngalande yothirira minda, kukwera phiri kumene kunkakhala okalamba ndi odwala, kenaka n'kutsikira mbali ina mpaka kubwerera pomwe anayambira. Lamulo lawo linali limodzi: pasapezeke woyenda yekha.

Pagululo panali Filesi ndi mnzake wapamtima, Nangozo. Filesi anali wochepa thupi, wofatsa, woti buluzi akathamanga m'udzu ankadzidzimuka. Nangozo anali mayi wamphamvu, wa pakamwa posatopa.

Tsikulo dzuwa linali kuswa mtengo, ndipo madzi anali atatsekedwa kudamu kuti amuna akonze ngalande. Amayiwo atafika pamphambano, Nangozo anaima, thumba la ufa wa odwala lili pamutu.

"Inu zungulirani kumlatho," anatero. "Ine ndidzera m'ngalandemu. Mukandipeza kuphiri nditasesa kale pabwalo."

"Ndikuperekezani, achemwali," anatero Filesi.

"Ukuopa kuti akhwangwala andiba? Kapena ukufuna wokuteteza kwa abuluzi?"

Amayi ena anaseka. Manyazi anamugwira Filesi, komabe anamutsatira chapatali, akuyenda pamwamba m'mbali mwa ngalande.

Pansi pa ngalandeyo panali pouma, pong'ambikang'ambika, ndipo Nangozo ankayenda akuimba. Koma pamene ngalande imakhota m'tsinde mwa phiri, matope anali ataunjikana, ouma pamwamba pokha. Filesi anangoona thumba la ufa likutsika. Nangozo anali atatitimira mpaka m'mawondo. Akati azule mwendo uwu, winawo unkalowa. Posakhalitsa matope anamufika m'chiuno.

Pomwepo kumtunda kunamveka kulira kwa chitsulo: ngwe, ngwe, ngwe. Aliyense wa m'dambomo ankadziwa tanthauzo lake. Kudamu atsegula, madzi akubwera.

"Filesi," anaitana Nangozo, mawu atachepa. "Ulipo?"

"Ndilipo. Tayani ufawo."

"Ngwa odwala."

"Ndiye uponyereni kuno."

Thumba linagwera pamtunda. Filesi anakuwa kuitana anzawo, koma iwo anali atazimiririka kuseri kwa phiri. Filesi anamasula chitenje chake n'kuponya nsonga imodzi. Chinaperewera. Anavula mpango kumutu, anaumanga kuchitenjeko, n'kuponyanso. Nangozo anagwira.

Madzi oyamba anafika ali ofiira, akukankha mapesi ndi zinyalala. Anayamba ngati masewera, akungonyambita matope, kenaka anakwera mpaka pamimba, mpaka pachifuwa.

"Zikavuta," anatero Nangozo, "ukawauze ana anga kuti..."

"Mukawauza nokha. Gwirani ndi manja onse."

Filesi anaponda muzu wa mtengo, anati, "Ambuye, mphamvu ine ndilibe, ndibwerekeni zanu," n'kuyamba kukoka. Nsalu inamusupula zikhatho. Mfundo inalira ngati ikufuna kumasuka. Madzi anafika m'khosi mwa Nangozo, iye n'kukweza chibwano kumwamba. Koma madzi omwewo anali akufewetsa matope pansi. Mwendo umodzi unatuluka. Filesi anadzigwetsa chagada osasiya nsaluyo, ndipo Nangozo anabwera akukwawa mpaka anagwira udzu wa m'mbali.

Amayi aja atamva chitsulo anali atabwerera akuthamanga. Anawapeza awiriwo ali chikhalire pamtunda, Nangozo ali matope okhaokha, Filesi akulira ngati ndiye wapulumutsidwa. Pamalo pomwe Nangozo anatitimira, madzi ankangodutsa mwakachetechete, osaonetsa kanthu.

"Ndinamuseka kuti ngwamantha," anatero Nangozo. "Ndikanakhala ndekha, bwenzi mukundifunafuna kuphiri, ine ndili pansi apa. Amayi, kuyenda awiri si mantha."

Mawuwo anafalikira m'midzi yonse mpaka anasanduka mwambi. Mayi Nazimbiri anamaliza motere:

"Kuyenda awiri si mantha, mwanangu. Wokuperekeza sakunena kuti ndiwe wofooka. Akudziwa kuti panjira pali malo ena amene munthu, ngakhale wamphamvu chotani, sangathe kudzikoka yekha. Ndiye mnzako akati ndikuperekeze, usamuseke. Muthokoze, muzipita."