Bowa Amene Ndaziona Anajambula

"Bowa aliyense wa m'nkhalango azifika kaye m'manja mwanga asanalowe m'poto," anatero a Nankhoma kwa mwana wawo Ndaziona, mtsikana wa Sitandade 8.

Ankakhala kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama. M'foni ya pakhomopo munali pulogalamu ya nzeru zamakina, ija amati AI. Ndaziona ankaifunsa chilichonse, ndipo masamu inkakhoza ndithu. N'chifukwa chake mayi ake ankabwerezabwereza.

"Masamu uziifunsa, bowa ayi. Iyo imangoona chithunzi. Sinunkhiza, sifukula pansi kuti ione tsinde. Wamva?"

Ndaziona ankavomera ndi pakamwa pokha. Mumtima ankati mayi ake sanapite patali ndi sukulu.

Loweruka lina mvula itakata, a Nankhoma anapita kumaliro kumudzi wina. Ali pakhomo anatembenukanso: "Bowa ayi, Ndaziona."

Iye anangodikira kuti azimiririke, n'kulowa m'nkhalango. Pansi pa mitengo anapeza bowa woyera mbuu, wonenepa. Anamujambula n'kufunsa foni. Inayankha kuti akufanana ndi ndelema, bowa amene anthu amadya, koma singatsimikize ndi chithunzi chokha, afunse munthu wodziwa. Ndaziona anawerenga mawu oyambawo, enawo anangowalumpha.

Masana anaphika, nadya ndi mng'ono wake Tisungeni, wa zaka zisanu. Mwanayo anakomedwa, anapempha wina. Tsiku lonse palibe chinachitika, ndipo Ndaziona anayamba kudzitama.

M'mawa mwake Tisungeni anayamba kusanza. Kenaka kutsegula m'mimba. Kenaka analephera kuimirira. Ndaziona naye m'mimba munkapota, koma anaopa kuulula. Mayi ake atafika anaona zotsalira za bowa kudzala, anatola tsinde limodzi n'kuliyang'anitsitsa.

"Wakuuza ndani kuti uyu ndi ndelema?"

Ndaziona analoza foni. A Nankhoma sanamukalipire. Anabereka Tisungeni n'kuthamanga kukafuna njinga yamoto.

Kuchipatala adokotala anati poizoni wawononga kale chiwindi cha mwanayo. Ndaziona nayenso anagonekedwa m'chipatalamo, koma anachira patapita sabata. Tisungeni anamwalira tsiku lachinayi, maso atasanduka achikasu.

Ana inu, makina amenewa amathandiza, koma amalakwitsa, ndipo akalakwitsa amadwala ndinu. Akakuuzani kuti sakutsimikiza, lekani pomwepo mukafunse akuluakulu. Makolo akakuletsani chinthu, foni isakuloleni.